Kutopa kwa Alamu Anga

Joni, 9 Febuluwale 2025

Amake Zione,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu ndi ana, Zione ndi Innocent? Nanga apongozi anga, mawondo aja akuwalola kufika kutchalitchi? Ine kuno ndili bwino, ndipo achimwene anu a Damiano ali bwino kuposa ine. Anenepa mpaka khosi lasowa.

Ndikulemba kalata ngati munthu wakale chifukwa foni ya a katekisiti ndi ya mudzi wonse. Tsiku lija ndinaimba, ndisanamalize n'komwe moni ndinamva anthu asanu akutsokomola kumbuyo kwanu. Choncho zapamtima zizibwera ndi a Dennis, adalaivala onyamula katundu aja. Muzikafunsa kusitolo ya akazi awo ku Dedza boma, ndipo yankho lanu muzisiya komweko.

Ntchito ndaipeza, alamu ndiwo anandiyankhulira. Koma khalani kaye pansi musanawerenge izi. Felista, kuno kapinga amalima! Kapinga yemweyo amene wandithera makasu atatu m'munda wa kuseri kwa phiri, kuno amamuthirira, amamuthira feteleza, amamumeta ngati mwana wopita kuubatizo. Akakhwima, makina amamusenda pamodzi ndi dothi lake, ife n'kumamupinda ngati mkeka, kusenza paphewa, kukweza mulole. Tikafika kunyumba ya wogula timamuyala, ndipo pabwalo pamene m'mawa panali fumbi, madzulo pamakhala msipu. Tsiku loyamba ndinaseka mpaka kapitawo anandiyang'ana. Tsiku lachiwiri sindinasekenso, poti mpukutu umodzi ukanyowa umalemera ngati Innocent akamakana kupita kukasamba, ndipo lole yake sidziwa kukhuta.

Tikugona chipinda chimodzi ndi alamu, cha malata, kuseri kwa famu. Chilamu chawo chija sanasiye. Akuti ndimayenda mumsewu wa Joni ngati ndikuopa kuponda nyemba za eni. Akutinso anandipatsa mlongo wawo mwangozi, tsikulo anali ndi malungo. Ine ndimawayankha kuti zaka zisanu ndi chimodzi ali kuno koma mkazi yemwe wawalola ndi sitovu ya palafini basi. Timatero mpaka ndiwo zipse.

Mawu amene anandiuza amalume anu a Petulo tsiku lonyamuka sindinaiwale. Anandikhazika pansi pa mtengo wa pichesi nati: "Akamwini, kumeneko maso athu ndinu. Mwana wathu uja sakonda kunena. Akadwala, uthenga ufike adakali moyo, tipemphere, titumize chotumiza. Mbumba ino silandira maliro a munthu amene sitinamve matenda ake." Ndinavomera, ndipo mukawauze kuti ndavomeranso. Ndikudziwa kuti ndimakhala pamudzi panu, ndimalima munda wanu, ndipo mkamwini wobisa matenda sachedwa kulozeredwa njira ya kwawo. Koma a Damiano adwale? Munthu womaliza buledi wathunthu yekha, n'kumayang'ananso wanga?

Mbatata ya kachewere ija muipopere mankhwala mvula ikangodula, masamba asanade. Mbuzi yaikazi musaimangirire kufupi ndi nyemba za aneba athu a Sophie, simukufuna mlandu ine kulibe. Kangachepe kali mu envulopu muno n'ka sopo ndi makope a ana.

Ine mwamuna wanu,
Zikhalo


Joni, 16 Malichi

Amake Zione,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kuti nonse mwadzuka. Kuno tadzukanso. Zoti denga la khitchini likudontha ndamva, mupemphe anzanga a Collins akaikeko udzu pang'ono, ndidzakonza bwino ndikabwera Disembala.

Lero ndikuphunzitsani Chingerezi, inu amene mumandinena kuti sukulu ndinaithawa Sitandade 6.

Sabata yatha tinakayala kapinga kunyumba ya mayi wina wachizungu. Tinali anthu anayi, bwalo lake kukula ngati la pasukulu ya ku Mphunzi. Mayiyo anakhala pampando pakhonde, magalasi akuda kumaso, n'kumatilozera ndi chala: apa, apo, ayi bwezani. Dzuwa litapendeka, ife malaya atamata kumsana, iye anadziwongola, nausa moyo, nati: "I'm knackered!" Pakamwa amatchula kuti ayimu nakadi.

Ndinawanong'oneza alamu kuti, "Akuti chiyani mayiwa? Akufuna madzi?"

"Akuti atopa."

"Atopa ndi chiyani?"

"Ndi kutionerera, alamu. Kuonerera anthu akugwira ntchito n'kolemetsa. Mukafunse apongozi anu mmene amatopera inu mukamalima."

Pobwerera, tili pamwamba pa lole, anandifotokozera bwino. Akuti kuno kutopa kuli ndi mayina atatu, ndipo awiri amachotsetsa ntchito. Ukauza kapitawo kuti wadwala, amati pita ukapume, mawa lake upeza wina wa ofuna ntchito pageti atavala magolovesi ako. Ukanena kuti watopa m'Chingerezi cha kusukulu, amati ndiwe waulesi. Koma ukagwira m'chiuno, n'kuseka, n'kunena kuti ayimu nakadi, nayenso amaseka, chifukwa ndi mawu a kwawo, a pamacheza, monga mmene ife timanenera kuti lero ndiye ndatheratu. Wonena mawu amenewo sakudandaula, akungocheza.

Mawa lake alamu anayesa. Dzuwa lili paliwombo anaponya mpukutu pansi, nagwira m'chiuno ngati mayi uja, nakweza mawu. Kapitawo, mzungu wofiira khosi amene sitinamuonepo mano, anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anati tonse tikhale pamthunzi pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo achimwene anu asanduka mfumu pafamu pano. Anzathu awapatsa dzina loti aNakadi, ngati mfunda wa mzimayi, ndipo dzuwa likatentha amawakodola kuti, "ANakadi, tapempheniko mthunzi."

Inenso ndakhala ndikuyeserera. Ndimanena chamumtima ndikamasenza, ndimanena pokasamba, mpaka Lachinayi ndinalimba mtima kunena pamaso pa kapitawo. Anangondiyang'ana n'kulozera lole. Alamu akuti lilime langa lilibe vuto, vuto ndi nkhope. Akuti ndimanena ngati ndikulapa kwa ansembe. "Mano panja, alamu! Mawu amenewa opanda mano sagwira ntchito."

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti kwathu munthu akati watheratu timamufunsa kuti chavuta n'chiyani, mawa lake timapita kukamuzonda. Kuno amangoseka, nkhani yatha. Ndi mawu opepuka kunyamula, ndipo ndikuwakonda.

Mumuphunzitse Zione akawadabwitse aphunzitsi. Koma asakanene kwa agogo ake akamutuma kudambo.

Wanu,
Zikhalo


Joni, 4 Meyi

Amake Zione,

Moni kwa inu, kwa ana, kwa amayi ndi kwa amalume. Ine ndili bwino, kupatula chala chimene chinapanikizidwa ndi chitseko cha lole, koma chikhadabo chikumera.

Ndamva kuti chimanga chauma. Musachedwe kukolola, anyani a m'phiri sadikira kuitanidwa. Chokhala ndi maso abwino muchipatule cha mbewu, muchipachike kukhitchini komwe kuli utsi. Musagulitse chilichonse kwa ogula a pa Linthipe mwezi uno, ndimawadziwa, ndinakula nawo, sikelo zawo zimadya kuposa ana.

Kuno kuzizira kwayamba. Ndinkati ife a ku Dedza chisanu ndi mbale wathu, koma cha kuno n'china, chimalowa m'mano. Akuti nyengo ino kapinga sakula msanga, ogula amachepa, ndipo mwezi wa mawa achotsa anthu ena. Aliyense tsopano akusenza mothamanga kuti kapitawo amuone. Pageti m'mawa uliwonse pamaima anthu ofuna ntchito, manja m'khwapa, kutiyang'ana ife ngati mmene nkhuku zimayang'anira munthu wopeta.

Alamu ali bwino. Akutsokomola pang'ono, akuti ndi fumbi la makina. Dzulo anandipatsa lamba wawo ndi msomali kuti ndiboole bowo lina, ndipo ili ndi lachiwiri chifikireni ine. Ndinati, "Alamu, khosi lija labwerera, mwalipeza kuti?" Anati akuchepetsa thupi dala kuti akadzafika kumudzi atsikana adzawayese mnyamata. Buledi tsopano amadya theka, lina amandikankhira ine, akuti ndinenepe kuti mlongo wawo asadzadandaule.

Mawu athu aja akugwirabe ntchito, koma alamu awachulutsa. Kale ankanena kamodzi patsiku, pano katatu, pena kanayi. Kapitawo amasekabe, ngakhale mthunzi sapereka nthawi zonse. Mzere wa alamu ukatsalira ndimatengako mipukutu iwiri itatu n'kuponya mulole ngati yawo. Si nkhani, iwonso anandisenzera pamene ndinali mlendo.

Za lambazi ndangokuuzani inu poti n'zoseketsa. Si uthenga, musapite nazo kwa amalume.

Ndakutumizirani bulangeti limodzi ndi majuzi awiri a ana. Ya Innocent ndi yaikulu dala, akule nayo.

Ine,
Zikhalo


Joni, 15 Juni

Amake Zione,

Moni nonse. Ine ndadzuka.

Mwandifunsa mafunso atatu, koma onse ndi funso limodzi. Mukuti achimwene anu ataimba kwa a katekisiti mawu awo ankamveka ngati akuchokera mumtsuko. Mukuti ndikuuzeni zoona ngati akudwala.

Ndinawawerengera kalata yanu. Kenako ndinawafunsa maso ndi maso kuti, "Alamu, nditumize uthenga kumudzi?"

Anati, "Uthenga wa chiyani? Kutopa amatumizira uthenga? Mukufuna amalume asonkhanitse mbumba, amayi asiye kudya, chifukwa cha chimfine? Ndipo a ku Dedza tili angati pafamu pano? Mukaimba m'mawa, madzulo kapitawo wamva. Muwauze achemwali anga kuti aNakadi ali bwino, angosowa nkhwani wotendera."

Ndiye yankho ndi limenelo. Sakudwala, atopa. Tonse tatopa.

Anthu atatu awachotsa Lachisanu. Ife awiri tatsala, tithokoze Mulungu. M'mawa kapinga amadzuka atayera ndi chisanu, ukamuponda amalira ngati ukutafuna chimanga chokazinga. Alamu amavala majekete awiri, komabe m'mawa bulangeti lawo limakhala lonyowa ndi thukuta. Akuti ndi malata.

Pali china ndinaona Lachitatu pochapa zovala zathu, pakansalu kamene amayenda nako m'thumba. Koma dothi la kuno ndi lofiira, limathimbiriritsa chilichonse. Tizisiye.

Kabichi wa kudimba muzithirira m'mawa dzuwa litatuluka, osati mbandakucha, angapse ndi chisanu. Mukapita ku Misa mutikumbukire.

Zikhalo


Joni, 6 Julayi

Amake Zione,

Moni. Za thanzi langa musafunse lero.

Kalata iyi mukaipereke kwa amalume a Petulo. Ndaimba kale kwa a katekisiti m'mawa uno, koma ndafuna kuti uthenga ukhalenso papepala.

Amalume, ine mkamwini wanu Zikhalo ndikukudziwitsani kuti mwana wanu a Damiano adwala kwambiri. Ndi chifuwa. Anagwa kuntchito ndipo tinawatengera kuchipatala, ali komweko. Sakuyankhula. Musawaimbire, foni yawo ili ndi ine. Muwauze amayi mwaulemu, ndipo mbumba ipemphere.

A Vinsenti, amene ndi mkulu wa gulu lathu la Amalawi kuno, ali nane pano pamene ndikulemba. Akuti akupatsani moni ndipo ali nafe pa zonse.

Chikasintha chilichonse ndiimba.

Ine mkamwini wanu,
Zikhalo


Joni, 10 Ogasiti

Amake Zione,

Moni kwa inu ndi ana. Pepani, pepani ndithu. Mawu amenewa ndinanena pafoni pa 10 Julayi, tsiku limene ndinaimba za maliro, koma anthu anali ambiri kumbuyo kwanu. Muwapepesenso amayi m'malo mwanga. Ine ndilipo. Kudya ndikudya.

Zikomo pondilembera zonse za mwambo. Ndawerenga kanayi. Ndaona m'maganizo bokosi likutsika pagalimoto, kwaya ikuimba, mphepo ya Julayi ikukupiza nsalu za amayi a mpingo. Zinandipweteka kuti sindinaperekeze alamu anga. Mukudziwa kuti masiku a pasipoti yanga anatha kale, pachipata cha m'malire akanandigwira, n'chifukwa chake anabwera nawo ndi a Vinsenti.

Mwalemba kuti tsiku lometa amalume anaimirira pamaso pa mbumba yonse n'kunditchula dzina. Akuti mkamwini uyu ndi munthu, anatiuza matenda nthawi ilipo, tinapemphera masiku anayi mwana wathu akupumabe. Mwalembanso kuti agwirizana zoti dimba la alamu la kumtsinje tizilima ife. Mukuti munanyadira mpaka munalira kawiri. Ine nditawerenga pamenepo ndinapinda kalata n'kutuluka panja. Za dimbazo tidikire kaye, musafulumire.

Pafamu zinthu zikuyenda ngati palibe chachitika. Lolemba lotsatira kugwa kwa alamu analowetsa bambo wina wa ku Ntcheu, a Samuel, munthu wachikulire wofatsa. Anawapatsa magolovesi a alamu, aja obooka chala chachikulu. Ndikaona manjawo akutola mpukutu ndimatembenuka kuti ndinene chipongwe, kenako ndimaona nkhope ya munthu wina.

Sindikufuna kukuopsani, koma ndikuuzeni. Masana, dzuwa lili paliwombo, makina akazima, ndimamva kutsokomola kumapeto kwa mzere. Ndimayang'ana, kulibe munthu, kuli dothi lokhalokha pamene tasenda kapinga, mizere yofiira yotalika ngati pokumba. Anzanga akuti sakumva kanthu. Si usiku ayi, Felista, usiku ndimagona. Ndi masana, nthawi ija alamu ankapempha mthunzi.

Mawu aja sanapite nawo kumanda. Anzathu akuwanenabe, ndipo kapitawo akusekabe. A Samuel anandifunsa tsiku lina kuti, "Achimwene, mawu amene amaseketsa mzunguwa ndi otani? Tandiphunzitsaniko, msanawu wandivuta." Ndinawayankha mwaukali kuti msana ukavuta amapita kuchipatala. Anadabwa, poti sanandilakwire. Pofika Lachisanu anali atawaphunzira kwa ena, ndipo amawatchula bwino kuposa ine.

Sabata yatha anatituma kwa mayi wachizungu uja kukawonjezera kapinga kuseri kwa nyumba. Wa kumaso, amene tinayala ndi alamu, wagwira bwino, mizere yolumikiza siikuonekanso. Mayiyo anatiwerenga ndi maso n'kufunsa kuti woseketsa uja ali kuti. Kapitawo anamuyankha chapansipansi. Mayiyo anagwira pakamwa, kenako anatitulutsira madzi a malalanje. Ine ndinalephera kumwa.

Innocent mwati akufunsa ngati amalume ake anamusiyira mpira umene anamulonjeza. Ulipo, ndinaupeza pansi pa bedi lawo uli m'pepala lake. Ubwera ndi a Dennis.

Mwamuna wanu,
Zikhalo


Joni, 14 Sepitembala

Felista,

Moni ndikupereka, koma za mmene ndadzukira muweruza nokha mukamaliza kuwerenga.

Lachiwiri a Dennis anabwera pafamu ndi kakatundu komanga m'thumba la feteleza. Anapepesa kwambiri. Akuti kanasiyidwa kusitolo ya akazi awo mwezi wa Julayi, kanagwera kuseri kwa matumba a ena, ndipo maliro atamveka palibe anakakumbukira. Pamwamba panalembedwa kuti "Kwa wodwala, a Damiano." Dzanja ndi lanu.

Mukudziwa zimene zinali m'katimo, poti munamanga nawo. Ufa wa phala wosakaniza ndi nsinjiro, botolo la uchi wa ku Chongoni, chipewa cha ulusi, ndi kapepala kamene amayi ananena inu n'kulemba. Akazi a a Dennis akuti amayi anabweretsa okha. Ndi mawondo amene aja anatsika ku Mphunzi wapansi mpaka pamsewu waukulu, chifukwa sanafune kutuma munthu wina ndi chakudya cha mwana wawo.

Kapepalako kakuti: "Akamwini, mwachita bwino kutiuza msanga. Phalali muziphika lamadzimadzi, muziwamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono. Akakana musawakalipire, chiyambire ali mwana akadwala amakana. Uchiwu ndi wa chifuwa. Chipewachi avale, musawalole kuvula. Ife kuno sitikugona, tikupemphera."

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala pamudzi panu, apongozi anga sanandiyankhulepo maso ndi maso. Tikakumana panjira amapatukira kutchire, monga mwa ulemu wathu. Awa ndiwo mawu awo oyamba kwa ine, ndipo akundithokoza chifukwa cha bodza.

Kapepalako kanalembedwa pa 8 Julayi. Felista, tsiku limenelo achimwene anu anali atagona masiku anayi kumochale. Anamwalira Lachisanu pa 4 Julayi. Pamene ndinkalemba kuti adwala kwambiri, sakuyankhula, n'kuti atazizira kale. Masiku anayi amene mbumba inapemphera, inkapempherera munthu amene kunalibe.

Ndiyambire poyambira. Chimene ndinaona pakansalu mwezi wa Juni sichinali dothi. Anali magazi, ndipo ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndinachapa, ndinayanika, ndinabwezera m'thumba lawo osanena kanthu. Ndinkaopa kuti ndikaimba kumudzi nkhani ifika kwa kapitawo, awachotsa, ndipo mwina andichotsa ndi ine amene ndinabwera kudzera mwa iwo. Ndinadziuza kuti mwini wake akuti ndi kutopa, ine ndine yani? Munandifunsa zoona, ine ndinabisala kumbuyo kwa nthabwala zawo.

Koma chimene chikundidya si chimenecho. Lachinayi pa 3 Julayi, nthawi ya nkhomaliro, tinakhala pamatabwa m'mphepete mwa munda. Alamu sanatsegule n'komwe chakudya chawo. Anandiyandikira, osagwira m'chiuno, osaseka, nanena m'Chichewa chathu, chapansipansi: "Alamu, ndatopa. M'thupi muno simuli bwino."

Ndinamva. Ndisaname, ndinamva bwinobwino kuti awa si mawu a masiku onse. Munthu amene sakonda kunena uja anali atanena. Chofunika chinali kungofunsa kuti pakupweteka ndi pati, kuwagwira dzanja, kupita nawo kuchipatala, madzulo n'kuimba kwa a katekisiti. Koma kapitawo anaima chapafupi, anzathu anali kumvetsera, ndipo ine mantha anandigwira. Ndinawamenya paphewa n'kukweza mawu kuti, "Ayi aNakadi, neneni m'Chingerezi tipume tonse!" Anthu anaseka. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaonetsa mano, nagwira m'chiuno, nanena. Kapitawo anatiwonjezera mphindi zisanu.

Mawa lake chakum'mawa, cha m'ma teni koloko, anagwa pakati pa munda ndi lole, mpukutu uli paphewa. Magazi anatuluka m'kamwa. Tinawanyamula pagalimoto ya pafamu, mutu wawo uli pamiyendo panga, koma kuchipatala tinafika ndi mtembo.

Madzulo ake a Vinsenti anandiitanira pambali. Anati, "Achimwene, kumudzi munawauza matenda?" Ndinapukusa mutu. Anati, "Mukangoimba maliro, ukwati wanu watha. Kuno timatere: muyambe mwatumiza matenda, papite masiku, kenako maliro. Si inu oyamba, ndipo kumudzi mitima imakhala itakonzeka." Musawade a Vinsenti. Sanandikakamize, ndinavomera asanamalize n'komwe kuyankhula. Ndipo nzeru yawo inagwira ntchito. Amalume ananditamanda, mbumba inandipatsa dimba, inu munanyadira. Ndikanangokhala chete, palibe akanadziwa mpaka ine kulowa m'manda.

Masiku asanu ufawu wakhala pashelefu. Kuphika sindingathe, ndi wa wodwala. Kutaya sindingathe, anasinja ndi amayi. Kupatsa a Samuel ndinaganizako, koma manja anakana. Ndikalowa m'chipinda maso amathamangira pomwepo, ndipo ndazindikira kuti kutsokomola kwa masana kuja sikudzasiya ine ndikudya za m'dimba la munthu amene ndinamuseka atandiuza zoona.

Choncho katunduyu ndamubweza ndi a Dennis, ndamanganso ndi chingwe chake chomwecho. Musakamubise kuchipinda. Mukamutule pamaso pa amayi ndi amalume, ndipo akafunsa chifukwa chimene ufa wa wodwala wabwerera wosatsegula, muwawerengere kalata iyi yonse, osadumpha mzere. Dimba la alamu musaligwire.

Ndikudziwa zimene ndikuika pamoto. Ndi inu, ndi Zione, ndi Innocent, ndi nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndi manja angawa. Ndikudziwanso kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera, poti womwalirayo ndi mlongo wanu, wolakwayo ndi mwamuna wanu, ndipo woyenera kuwerenga mokweza ndinu. Mukhoza kung'amba kalatayi, ufawo n'kuthira nkhuku, ine kuno sindingadziwe. Koma ndakubisirani kawiri, ndipo kachitatu sindingathe. Ndimakukondani, Felista, ndipo ndili ndi manyazi.

Akagamula, musaimbe. Mundilembere mzere umodzi kudzera kwa a Dennis, ndidziwe ngati Disembala ndidzatsikire pamphambano ya ku Mphunzi, kapena ndidzakhale m'basi mpaka kwathu ku Linthipe.

Zikhalo